Ophunzira atsopano akusowa chaka chisanathe, tikonze bwanji orientation?

Funso

Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pa koleji ina kuno ku Harare. Chaka chino andipatsa udindo wokonza orientation ya ophunzira atsopano. Zaka zonsezi timawasonkhanitsa mu holo kwa sabata imodzi, akuluakulu amalankhula motsatizana, timawazungulitsa pa sukulu, kenako makalasi amayamba. Koma semesita yachiwiri ikamatsegulira timapeza kuti mayina angapo asowa, ndipo ena mwa iwo ndi ana akwathu a ku Mbare, Mufakose ndi Epworth, amene makolo awo ndimapemphera nawo ku CCAP. Ndalama zimene andipatsa n'zochepa. Kodi ndisinthe chiyani?

Mayi wa ku Mufakose

Yankho

Zikomo kwambiri mayi chifukwa cha funso lanu. Chandikondweretsa n'chakuti mukuwerenga mayina a amene asowa, pamene makoleji ambiri amangowerenga amene alowa. Yankho langa ndi ili: zolankhula za mu holo zichepetseni, ndipo nthawi, anthu ndi kandalama kamene katsalepo muzimwaze m'masabata 6 mpaka 8 oyambirira a semesita. Mwana sasiya sukulu pa sabata ya orientation. Sabata imeneyo aliyense amakhala wosangalala, wavala zatsopano, akujambulitsa zithunzi pa geti zotumiza kwa agogo. Amayamba kuterereka pa sabata yachitatu kapena yachinayi, ndalama ya kombi itatha, asayimenti yoyamba itamukanika, ndipo palibe amene waona kuti Lachiwiri ndi Lachinayi sanabwere. Nthawi imeneyo komiti ya orientation imakhala itabalalika kalekale.

Taganizirani zimene zili m'mutu mwa mwana amene wakhala pa benchi mu holo tsiku loyamba. Akuganiza za fizi imene bambo ake sanamalize kulipira, akudabwa ngati chipinda chimene analonjezedwa chilipodi, sakudziwa kumene kuli chimbudzi, ndipo akuopa kuti nthawi ya nkhomaliro adya yekha. Pamenepo akubwera a ku laibulale kudzafotokoza za kasakidwe ka mabuku pa kompyuta, kenako a za mayeso kudzawerenga malamulo amene adzagwire ntchito patatha miyezi itatu. Zonsezo n'zofunika, koma zafika nthawi yolakwika, ndipo zimalowa khutu ili n'kutulukira linali. Za laibulale aziphunzire sabata imene apatsidwa asayimenti yoyamba, atakhala pa kompyuta, akufufuza buku limene akulifunadi. Malamulo a mayeso awamve kutatsala masabata awiri kuti alembe mayeso oyamba. Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1972 University of South Carolina ya ku America inayambitsa kosi yotchedwa University 101, imene ophunzira atsopano amakumana m'magulu ang'onoang'ono semesita yonse, ndipo John Gardner, amene anaitsogolera kwa zaka zambiri, anaifalitsa m'mayiko ena. Inu simufunika kosi yathunthu. Menyerani nkhondo ola limodzi pa sabata, lolembedwa pa ndandanda ya makalasi ngati phunziro lina lililonse. Likakhala la "amene akufuna abwere", amabwera okhawo amene zinthu zikuwayendera kale.

Tsono ola limenelo achite nalo chiyani, ndipo ndi yani? Apa ndipo pagona nkhani.

Mu 1975 katswiri wina wa ku America, Vincent Tinto, anafotokoza kuti wophunzira amakhazikika pa sukulu akalumikizana nayo mbali ziwiri. Mbali ina ndi ya maphunziro: akumva zimene zikuphunzitsidwa, akudziwa kuti akuchita bwanji, ndipo akuona kuti kosi yake ikupita naye kwinakwake. Mbali inayo ndi ya anthu: ali ndi anzake, ndipo pali wamkulu mmodzi amene amamudziwa. Pofutukula ganizoli mu 1987, Tinto anabwereka nzeru kwa Arnold van Gennep, amene anafufuza miyambo yolowetsera munthu mu msinkhu watsopano. Ife Achewa zimenezi si zachilendo kwa ife. Namwali salowa m'tsimba yekha. Anamkungwi amalangiza gulu lonse, inde, koma namwali aliyense ali ndi phungu wake, amene amakhala naye pafupi, amaona ngati wadya, amamubwerezera mwakachetechete zimene sanamvetse, ndipo akasowa ndiye woyamba kudziwa. Orientation ya m'makoleji athu ili ndi anamkungwi ambirimbiri, koma ilibe aphungu.

Choncho ndalama yanu yoyamba ipite kwa aphungu. Tengani ophunzira a chaka chachiwiri, aliyense mumupatse atsopano 8 kapena 10. Musasankhe okhoza bwino okhaokha. Mwana amene anavutika chaka choyamba, analephera phunziro limodzi, nabwereza n'kukhoza, nthawi zambiri amakhala phungu wabwino kuposa amene sanapunthwepo, chifukwa amadziwa pamene pali dzenje. Pogawa magulu yambani ndi kosi imene akuphunzira, koma onaninso kumene amakwerera kombi. Izi m'mabuku a ku America simudzazipeza, koma ku Harare n'zazikulu. Mwana wochokera ku Chitungwiza, Epworth kapena Glen Norah amakwera kombi kulowa m'tauni, n'kuyenda wapansi kukafika pa renki ina, n'kukweranso yachiwiri. Atatu kapena anayi oyenda msewu umodzi akadziwana, amadikirana pa siteji, amabwerekana ya thiransipoti, mtsikana sabwerera yekha kukada, ndipo mmodzi akasowa m'mawa anzake amadziwa kalasi isanayambe.

Ntchito ya phungu ikhale yochepa ndi yomveka bwino. Akumane ndi gulu lake kamodzi pa sabata, atsegule gulu la WhatsApp, ndipo Lachisanu lililonse akutumizireni mayina a amene sanaoneke kapena amene akuoneka kuti zawathina. Basi. Si mlangizi wa za maganizo, si wobwereketsa ndalama, si mphunzitsi. Muwaphunzitse tsiku limodzi lathunthu asanayambe, makamaka za kusunga chinsinsi ndi za kudziwa pamene nkhani yawakulira n'kuibweretsa kwa inu. Ndipo ndinene mosapsatira, mayi, chifukwa inu mukudziwa: pa makoleji pali anyamata akuluakulu amene amadikirira atsikana atsopano chaka ndi chaka. Musapereke udindo wa uphungu popanda kufufuza khalidwe la munthu. Ngati n'kotheka gulu lililonse likhale ndi aphungu awiri, wamkazi ndi wamwamuna, ndipo lamulo loletsa chibwenzi pakati pa phungu ndi wa m'gulu lake lilembedwe, asayine. Malipiro awo sayenera kukhala aakulu: bandulo ya mwezi, nkhomaliro tsiku la msonkhano, ndi kalata yaumboni yosayinidwa ndi mkulu wa koleji imene adzaigwiritse ntchito pofunafuna malo a attachment. Koma musawagwiritse ntchito yaulere kotheratu. Nawonso ndi ana a anthu osauka, ndipo akatopa amangosiya osatsanzika.

Pali chinthu chimodzi chimene sindigwirizana nacho mu chiphunzitso cha Tinto monga chinalili poyamba, ndipo katswiri wina wa maphunziro, William Tierney, anachitsutsanso mu 1992. Chinkaoneka ngati chikunena kuti wophunzira ayenera kutalikirana ndi kwawo kuti akhazikike pa koleji. Mwina zimatheka kwa mwana wogonera pa sukulu amene makolo ake anapitanso ku yunivesite. Ana athu ambiri amagona kunyumba, m'chipinda chimodzi ndi azing'ono awo, ndipo fizi yawo yasonkhedwa ndi amalume, azakhali ndi achemwali amene ali ku Johannesburg. Banja likapanda kumvetsa zimene mwanayo akuchita, limamukokera m'mbuyo mosadziwa, ndiponso mwachikondi. Mayi akaona kuti Lachitatu mwana wawo ali ndi kalasi imodzi yokha, amati ndiye kuti ali ndi mpata, apite akakhale pa tebulo la tomato ku Mbare Musika. Sadziwa kuti maola opanda kalasiwo ndiwo a kuwerenga. Mtsikana akafika kunyumba 7 koloko usiku amapeza mbale, madzi okatunga ku mjigo, ndi nsima yoti aphike, pamene mlongo wake wakhala.

N'chifukwa chake ndikupemphani kuti muike theka la tsiku, Loweruka, la makolo ndi osunga ana. Musalankhule Chingerezi chokhachokha. Chishona chimveke, Chindebele chimveke, ndipo poti inu mulipo, Chichewa chimvekenso. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amachiwerengera m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Auzeni makolo zinthu zenizeni: masiku olipirira fizi, miyezi ya mayeso, kuti mwana amafunika maola angati owerenga kunja kwa kalasi, ndiponso kuti kulephera mayeso amodzi si kutha kwa sukulu. Chomalizachi chitsindikeni. Ana ambiri amene amasiya sauza makolo. Amapitiriza kuvala m'mawa n'kutuluka ngati akupita ku koleji kwa miyezi, chifukwa cha manyazi pamaso pa anthu amene anagulitsa katundu kuti iwo aphunzire. Kholo limene linamva ndi makutu ake kuti kupunthwa chaka choyamba kumachitika, ndipo pali njira yobwerezera, mwana wake amalimba mtima kuliuza. Kambiraninso za maliro. Kwathu maliro sathawidwa, ndipo mwana akhoza kusowa sabata yathunthu, mwinanso kuperekeza mpaka ku Dedza kapena ku Mangochi. Adziwe kuti asananyamuke azilemba kalata kapena kutumiza uthenga kwa phungu wake, ndipo adziwe njira yopemphera kulemba mayeso amene anaphonya.

Tsopano za mapepala, zimene zimakhudza ana akwathu kuposa ena. Mabanja ambiri a ku Mbare, Highfield, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi m'mafamu ozungulira Harare anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia mibadwo iwiri kapena itatu yapitayo. Ena mwa makolowo zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo, ndipo ena ana awo alibe chiphaso cha kubadwa, kapena dzina la pa chiphaso likusiyana kalembedwe ndi la pa satifiketi ya ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu. Ndime 43 ya malamulo aakulu a 2013 imati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala m'dziko muno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Koma chitupa sichisintha chokha. Munthu ayenera kupita ku Civil Registry kukakonzetsa. Mwana wa zaka 19 akauzidwa pa windo kuti mapepala ake sali bwino, nthawi zambiri safunsa kawiri. Amabwerera kunyumba n'kukhala. Inu muike tebulo la mapepala pa sabata yoyamba, pakhale munthu wodekha amene akudziwa ndimeyi, pamalo poti ena sakumva, ndipo mugwirizane ndi ofesi yolembetsa kuti mwana wotere apatsidwe nthawi yokonzera mapepala akulowa m'kalasi. Kalata yoitanira ophunzira inenenso zimenezi mwezi usanafike, kuti ayambe kuyenda msanga.

Ndalama. Simungalipirire aliyense fizi, ndipo musadziimbe mlandu pa zimenezo. Koma pali zinthu ziwiri zimene zili m'manja mwanu. Choyamba n'kunena zoona za mtengo wa sukulu. Mabanja amasonkha fizi n'kuganiza kuti amaliza, osawerengera kombi ya tsiku ndi tsiku, bandulo, kusindikiza ma asayimenti, chakudya cha masana, zipangizo za kosi, ndi lendi kwa amene akukhala m'nyumba za anthu pafupi ndi sukulu. Aphungu akhale pansi ndi magulu awo, alembe ndalama zimene iwo eni amawononga pa sabata, za madola ndi za ZiG (ndalama ya Zimbabwe), ndi njira zimene amapulumutsira. Ziwerengero zochokera kwa mnzawo amazikhulupirira kuposa za mu ofesi. A ofesi ya ndalama abwere ndi mafomu a kulipira pang'onopang'ono, ngati koleji yanu imalola, ndipo adzazidwe pompo. Musangolengeza kuti mwayiwo ulipo.

Chachiwiri ndi kathumba ka mwadzidzidzi. Ku Georgia State University ya ku America anapeza kuti ophunzira ambiri amene ankachotsedwa m'kaundula chifukwa cha ngongole anali ndi ngongole zazing'ono, ndipo mu 2011 anayamba kuwalipirira zotsalazo m'malo mowataya. Kuno kusiyana pakati pa kupitiriza ndi kusiya nthawi zina ndi ya kombi ya masabata awiri. Thumba lotere lisakhale lalikulu, koma likhale lofulumira: phungu wanena lero, mawa ndalama yalowa pa EcoCash ya mwanayo. Pakhale osayina awiri ndi buku loonekera, kuti pasadzakhale zonena. Kopempha mukudziwa kuposa ine. Amene anaphunzira pa koleji yanu alipo, ndipo mipingo yathu ndi mabungwe athu a maliro akhala akusonkha ndalama mokhulupirika kwa zaka zambirimbiri mumzinda uno. Ndikhulupirira kuti amvano akauzidwa bwino, sangakane kusonkhera mwana wamoyo amene watsala pang'ono kusiya sukulu. Ndipo mtsikana amene akudziwa khomo logogoda ndalama ikatha savutika kukana galimoto imene yaima pa geti madzulo.

Za malo ogona ndidutsa mwachangu. Sungani mndandanda wa nyumba zimene ophunzira akale anakhalamo n'kuzivomereza, wonena za lendi, chiwerengero cha anthu m'chipinda, ndi ngati pali madzi odalirika. Kolera ya 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro, ndipo inabweranso mu 2023. Nyumba yodzaza ana yopanda madzi si nkhani yaing'ono.

Tibwere m'kalasi, chifukwa orientation imene siikhudza malekichala imathera pa khomo la holo. Mwana wochokera ku Form 6 anazolowera mphunzitsi womutsata, manotsi olembetsedwa pa bolodi, ma extra lesson ndi mapepala a mayeso akale. Pa koleji akupeza munthu amene amalankhula ola lathunthu, n'kutchula mabuku, n'kutuluka. Palibe womuuza ngati akumva molondola kapena ayi, mpaka mayeso a pakati pa semesita, ndipo pamenepo madzi amakhala afika kale m'khosi. Pemphani dipatimenti iliyonse kuti m'phunziro limodzi lokha ipereke kantchito kakang'ono pa sabata yachiwiri, kachongedwe n'kubwezedwa sabata yachitatu isanathe, ndi ndemanga za mizere iwiri kapena itatu. Malikisi ake akhale ochepa, kuti wolephera asavulale. Kantchito kameneko kamakuuzani zinthu ziwiri: amene sanamve, ndi amene sanapereke n'komwe. Achiwiriwa ndiwo muwathamangire. Auzeninso momveka bwino momwe malikisi a ntchito za m'kati mwa semesita amawerengedwera, kaya ndi malamulo a HEXCO, bungwe loyendetsa mayeso a m'makoleji, kaya a koleji yanu, popeza ana ambiri amazindikira mochedwa kuti asayimenti imene anainyozera ndiyo yawagwetsa.

Pa koleji iliyonse pali maphunziro awiri kapena atatu amene amagwetsa anthu chaka chilichonse. Kawirikawiri ndi masamu, accounting, kapena sayansi ya chaka choyamba. Aliyense amawadziwa. Mu 1973 Deanna Martin wa pa University of Missouri-Kansas City anayambitsa njira yotchedwa Supplemental Instruction, imene inafalikira mpaka ku South Africa. Nzeru yake ndi yoti m'malo mosankha ana "ofooka" n'kuwaitanira ku kalasi yapadera, amasankha phunziro lovutalo, ndipo wophunzira amene analikhoza kale amatsogolera zokambirana za sabata ndi sabata zotsegukira aliyense. Ubwino wake ndi woti palibe amene amachita manyazi kulowa. Timakonda kuuza ana kuti safunsa anadya phula, ndipo n'zoona, koma kufunsa pamaso pa anthu 200, m'Chingerezi chimene ukuopa kuti akuseka, si chinthu chapafupi. M'kagulu ka anthu 12, kotsogoleredwa ndi mnzako amene angakufotokozere m'Chishona kapena m'Chichewa pamene Chingerezi chakanika, funso limatuluka.

Musaiwale kuti zambiri tsopano zimadutsa pa intaneti: kulembetsa, manotsi, zotsatira za mayeso. Musaganize kuti mwana aliyense wokhala ndi foni amadziwa kutumiza asayimenti pa kompyuta. Pa sabata yoyamba aliyense alowe mu akaunti yake ali pamaso pa phungu, atsitse chikalata chimodzi, atumize china. Auzidwenso kumene angatchajire foni ndi kuwerengera magetsi a ZESA akazima kwawo, ndi kuti azitsitsa manotsi ali pa Wi-Fi ya pa sukulu asananyamuke.

Pali chinanso chimene sichioneka ndi maso. Mwana woyamba m'banja kufika pa koleji akalakwa pang'ono, mumtima amati, "Ndinadziwa, malo ano si a anthu ngati ine." Mnzake wochokera ku sukulu zodula akalakwa chimodzimodzi amangoti lekichala ndi wovuta. Gregory Walton ndi Geoffrey Cohen anafalitsa kafukufuku mu 2011 amene anandisintha kaganizidwe. Anapatsa ophunzira a chaka choyamba pa yunivesite ina ya ku America maumboni a ophunzira akale onena kuti nawonso poyamba ankadziona ngati osayenera malowo, ndipo maganizowo anatha m'kupita kwa nthawi. Kenako anawapempha kuti alembe zomwezo m'mawu awoawo, zoti zidzathandize obwera pambuyo. Zinatenga pafupifupi ola limodzi. Patapita zaka zitatu, kusiyana kwa malikisi pakati pa ophunzira akuda amene anachita nawo ndi anzawo oyera kunali kutachepa ndi pafupifupi theka. Si mankhwala a zonse, ndipo sizingalowe m'malo mwa chakudya ndi fizi, koma sizilira ndalama. M'malo mwa mlendo wolemekezeka wodzanena za kupambana kwake, imikani ana anayi a chaka chachitatu, wina wa ku Epworth, wina wa kumudzi, wina mayi wa mwana, wina wolumala, anene zoona za semesita yawo yoyamba. Ndipo ana akwathu, amene ena anakula akubisa dzina la agogo awo poopa kunyozedwa, ndimakonda kuwakumbutsa kuti University of Zimbabwe ya ku Mount Pleasant inalandira ophunzira ake oyamba mu 1957 ikutchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland. Maphunziro apamwamba mumzinda uno sanayambe popanda ife.

Ena zimawakulira kufika podwala maganizo. Thandizo lake lili pafupi kuposa momwe ambiri amaganizira. Friendship Bench inayambira ku Mbare komweko mu 2006, pamene Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pa chipatala, kumvetsera munthu n'kumuthandiza kusanthula mavuto ake limodzi ndi limodzi, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti njirayi imachepetsadi matenda a nkhawa. Lumikizanani nawo, komanso a bungwe la ophunzira ndi achinyamata la SAYWHAT pa nkhani za uchembere ndi nkhanza zokhudza kugonana. Koma musangowaitana kudzalankhula mu holo. Gulu lililonse liyende ndi phungu wake mpaka pa khomo la mlangizi, limuone nkhope, lisunge nambala yake mu foni. Za mankhwala ozunguza bongo monga mutoriro ndi bronco zikambidwe m'magulu ang'onoang'ono momwemo, ndipo mwana adziwe kuti akabwera yekha kudzapempha thandizo sathamangitsidwa sukulu. Ngati malamulo a koleji yanu sanena zimenezo, yambani ndi kukonza malamulowo.

Gulu limene limaiwalika kwambiri ndi la ofika mochedwa. Amene amalembetsa sabata yachiwiri kapena yachitatu ndi amene fizi inavuta, mapepala anavuta, kapena anaitanidwa pomaliza. Ndiwo ali pa ngozi yaikulu, ndipo ndiwo amene orientation imawaphonya yonse. Amalowa m'kalasi anzawo atapanga kale magulu, atagawana kale manotsi. Gwirizanani ndi ofesi yolembetsa kuti aliyense wofika mochedwa asachoke pa windo asanapatsidwe dzina ndi nambala ya phungu wake, ndipo Lachisanu lililonse la mwezi woyamba muchite orientation yaifupi ya maola awiri ya iwowa. Chimodzimodzinso ophunzira a madzulo ndi a Loweruka, amene ambiri ndi apantchito ndi apabanja: pulogalamu ya 9 koloko m'mawa si yawo.

Nanga akuluakulu amene anazolowera kulankhula? Musalimbane nawo. Apatseni m'mawa umodzi, mwambo ukhale waulemu wake, a Principal alandire ana, ndipo ena onse muwapemphe kuti adzalankhule pa sabata imene uthenga wawo udzafunike. Ambiri amavomera akaona kuti adzapatsidwa gulu lomvetsera. Chimene chimawatembenuza mitima kwambiri ndi chiwerengero. Mwana aliyense wosiya ndi fizi ya zaka ziwiri kapena zitatu imene koleji yataya, ndipo mukaika mtengo wa mabandulo a aphungu pambali pa ndalama imeneyo, a ofesi ya ndalama amakhala oyamba kukuthandizani.

Kuti mukhale ndi chiwerengerocho, yambani sabata ino, musanalembe pulogalamu. Tengani kaundula wa amene analowa chaka chatha ndi wa amene analembetsa semesita yachiwiri, mupeze mayina osowawo, muwaimbire foni mmodzimmodzi. Musatumize fomu, imbani. Afunseni kuti anasiya kubwera sabata iti, chinachitika n'chiyani, ndipo anauza yani. Lembani mayankho mogawa: kosi, kumene amakhala, mwamuna kapena mkazi, analembetsa pa nthawi kapena mochedwa. Zimene mupeze ndizo zikuuzeni ngati pa koleji yanu vuto lalikulu ndi kombi, masamu, mapepala kapena mimba, ndipo kandalama kanu kapite kumeneko. Pa foni yomweyo muwauzenso njira yobwererera, ngati malamulo amalola kuimitsa maphunziro n'kudzapitiriza, chifukwa ambiri amaganiza kuti khomo linatsekedwa tsiku limene anasiya kubwera. Amene makolo awo mumapemphera nawo, lankhulani ndi mwanayo poyamba, ndipo kwa makolo mupite pokhapokha iye atavomera.